Guluu Naye Sasenza Denga Yekha

Makolo ponena kuti mutu umodzi susenza denga ankaganiza za denga la nkhokwe. Sankadziwa kuti kudzabwera mbadwo wokhulupirira kuti timachubu tiwiri ta guluu tingasenze chilichonse.

Guluu wa epoxy amabwera pawiri: utomoni ndi mankhwala oumitsa. Mukasakaniza amauma gwa, osasungunukanso. Chiyambire 1946, pamene kampani ya Ciba ya ku Switzerland inatulutsa Araldite, mbiri ya guluu wotereyu yafika poti galasi la minibasi likathyoka palibe akumbukira wowotcherera. "Tingomata, bwana, agwira ameneyu."

Amagwiradi, bola ntchito ikhale imodzi. Zitsulo ziwiri zomatidwa mosanjikiza mukamazikoka chotsetsereka, guluu amapirira chifukwa katundu amagawika pamalo ponse pomatidwa. Mphamvu yolembedwa papaketi imayesedwa chonchi, m'chipinda chabata. Koma msewu supereka ntchito imodzi. Galasi lija likukokedwa ndi kulemera kwake, mphepo ikulikankha, injini ikulinjenjemeretsa, kondakitala naye akulipotokola kuti aone ngati tsitsi lili bwino. Kupotokola ndi kukanula kumaunjika mphamvu yonse m'mphepete, ndipo epoxy wouma sadziwa kupindika, amangong'aluka. Kamng'alu kamayambira pa kathovu ka mpweya kapena pamene panatsalira girisi, n'kumakula pa dzenje lililonse la mumsewu. Dzuwa la Okutobala likatenthetsa chitsulo, guluu wamba amafewanso. Ali ngati mkamwini wouzidwa kulima, kuwaza nkhuni, kufolera khola ndi kuthamangitsa mbuzi nthawi imodzi. Akakomoka, apongozi amati ndi waulesi.

Tisafulumire kuseka amakanika a pansi pa mtengo, chifukwa mainjiniya a ku America anauyesa mwambiwu ndi denga lenileni. Mumsewu wina wapansi panthaka ku Boston anapachika denga la konkire pa mabawuti omatidwa ndi epoxy m'mabowo oloza kumwamba. Apa nthabwala ziyambe zaima. Pa 10 Julaye 2006, matani pafupifupi 26 a dengalo anagwera galimoto, mayi mmodzi n'kufera pomwepo. Bungwe lofufuza ngozi la NTSB linapeza kuti guluu wouma msanga amene anagwiritsidwa ntchito ankatamuka pang'onopang'ono chifukwa cholemedwa usana ndi usiku, mpaka mabawuti anasololoka. Tsiku loyamba anagwira bwinobwino. Chinamugonjetsa ndi mtolo wosatula kwa zaka.

Vuto lathu n'lakuti timayesa mphamvu pogwedeza kamodzi ndi dzanja, n'kunena kuti zatheka. Guluu ndi wantchito wokhulupirika, koma si msomali, si bawuti, si wowotcherera. Mukamata, palani ndi sandipepa, pukutani girisi, dikirani aume mokwanira, kenako mupatseni anzake: bawuti yokhala ndi nati yake, ngakhale waya womangira. Galasi likagwabe, guluu musiyeni. Funsani kondakitala.