Kulipira kuti nsomba ikuone

Munthu wobadwira m'mbali mwa nyanja ya Malawi sauzidwa za madzi. Mukangoyambitsa nkhani ya kusambira, amakudulani pakamwa n'kukusimbirani za tsiku lomwe mwera unagubuduza bwato, iye n'kusambira mpaka kumtunda ataluma chingwe cha ukonde. Alamu anga ndi a ku Nkhotakota, ndipo mtunda umene anasambira tsiku limenelo umatalika chaka ndi chaka.

Tsono titapita ku Dar es Salaam kukatenga galimoto yomwe anaitanitsa ku Japan, n'kupeza kuti sitima yake idakali m'njira, iwo ndi amene anati tisaolere m'chipinda chogona alendo, tiwolokere ku Zanzibar. Pa boti lothamanga ndi maola awiri okha. Tinali ndi azakhali, omwe amapikula zitenje ku Kariakoo, komanso mphwanga, yemwe ntchito yake inali kugwira foni.

*

Tinagona ku Jambiani, kum'mawa kwa chilumba cha Unguja. Madzulo alamu anayendera gombe manja ali kumbuyo, n'kulengeza kuti m'mawa ationetsa kusambira kwenikweni. Kutacha anatuluka ndi kabudula, thaulo paphewa. Posakhalitsa anabwerera ali wefuwefu.

"Alamu, nyanja yapita!"

"Yapita kuti?"

"Ndiye ndikufunsa inuyo! Dzulo inali pakhomo pompano."

Inalidi itapita. Ngalawa zinali zitagona chammbali pamchenga, madzi akuoneka kutali uko. Kumeneko mwezi umakoka madzi, moti nyanja imaphwa ndi kudzazanso kawiri pa tsiku, ndipo poti gombe la kum'mawa ndi lathyathyathya, m'malo ena imabwerera mtunda woposa kilomita. Pamene dzulo lake panali mafunde, tsopano panali amayi atakhala pansi m'timadzi tofika m'akakolo, akumangirira ndere pa zingwe zokhomedwa ndi zikhomo. Ulimi wa ndere umenewu unayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo akaumitsa amagulitsa kunja.

Alamu anafunsa mayi wina kuti madzi abwera liti. Mayiyo anayang'ana dzuwa n'kunena kuti masana.

"Ndiye kuti kuno nyanja imagwira ya mashifiti?"

"Isiyeni," anatero azakhali. "Yamva kuti mwabwera."

*

Sanafune kudikira masana. Anati ailondola komwe yapitako. Mnyamata wa pamalo ogonawo anawabweretsera nsapato za mphira, iwo n'kukana kuti kwawo akamva zoti anavala nsapato polowa m'madzi sadzamwanso nawo mowa.

M'maenje a matanthwe a kumeneko mumakhala tizilombo takuda, tozungulira, taminga zazitali thupi lonse. Sitithamangitsa munthu, timangodikira. Minga yake ikalowa imathyokera momwemo, ndipo ukati uzule imafumbutuka. Alamu anabwerako ndi mwendo umodzi, dzanja lili paphewa pa mayi uja anamufunsa za madzi.

Mnyamata wa nsapato uja sananene kanthu. Anathyola papaya wamuwisi, n'kumucheka pakhungu, n'kudontheza utomoni wake pachidendene, kenako kufinyirapo ndimu. Ndiwo mankhwala a eni dera.

"Azakhali, mundipempherere."

"Ndikupemphererani, alamu, koma momwe akukuthirirani ndimumu ndayesa atsala pang'ono kukuikani pamoto."

*

Madzi atabwerera, anadumphiramo pakamwa pali yasa, monga amachitira kwawo komwe munthu amasambira uku akumwa. Lita imodzi ya madzi a m'nyanja yaikulu imakhala ndi mchere pafupifupi magalamu 35. Anavuuka maso ali psuu.

"Wathira ndani mchere umenewu?"

Azakhali anaviika chala, kulawa, n'kuyang'ana nyanja yonse mpaka komwe yalekezera. Nkhope yawo inali ya munthu wa bizinesi amene waona katundu akuonongeka.

"Mchere wonsewu ukungokhala, ife tikugula wa m'mapaketi!"

*

Kukaona ma dolphin mumadzuka kusanache n'kupita ku Kizimkazi, kummwera kwa chilumba, mudzi womwe uli ndi mzikiti wakalekale wokhala ndi zolemba za m'chaka cha 1107. Woyendetsa boti amakupatsani galasi lotseka maso ndi mphuno, kapayipi kopumira, ndi zipsepse zovala kumapazi. Kenako amakulangizani kuti mulavulire m'galasimo n'kupaka ndi chala, kuti lisachite nthunzi.

Azakhali anagwira galasi lawo ndi zala ziwiri, kutali ndi nkhope.

"Mwanawe, dzulo analavuliramo ndani?"

Mmene zimachitikira n'zoseketsa ukamaonerera, osati ukakhala m'katimo. Wina akangoona zipsepse zikutuluka pamadzi, maboti onse amaliza mainjini kuthamangira kutsogolo kwake. Woyendetsa amakuwa kuti "Ruka! Ruka!", nonse phava m'madzi, zipsepse za mnzako kukumenya pamphuno. Thovu likamatha, ma dolphin afika kale kwina. Mumakwera pa kamakwerero, kupuma kawiri, n'kumvanso "Ruka!" Azungu a m'boti loyandikana nalo anali atatopa moti ankangogwera m'madzi chagada.

Pa nthawi yopuma, alamu anafunsa funso lomwe linkawavuta kuyambira kumtunda: kodi dolphin imakoma yowotcha kapena yophika? Woyendetsa sanakhumudwe. Anati makolo ake ankaipha ndithu, ina n'kudya, ina n'kuchita nyambo yokolera shaki, mpaka m'zaka za m'ma 1990 pamene anaona kuti alendo amalipira kuti angoiona. Dera lonselo la Menai Bay linakhala lotetezedwa mu 1997. Anaonjeza kuti si nsomba ayi: imapuma mpweya kudzera pa chibowo cha pamutu, imabereka mwana wamoyo, ndipo imayamwitsa.

"Imatani?" anafunsa azakhali.

"Imayamwitsa, mama."

"Ndiye m'mawa wonsewu takhala tikuthamangitsa mnzanga woyamwitsa? Zimitsani chinthucho!"

Mawu a mayi wa Mvano amamveka m'chinenero chilichonse. Injini inazima. Ndipo azakhali ananena zoona, chifukwa maboti khumi kuzinga kagulu kamodzi ka nyama zomwe zikufuna kupuma ndi ana awo si tchuthi, ndi chipwirikiti chabe, ndipo oyendetsa odziwa ntchito yawo amadikira chapatali. Maboti ena aja atapita ndi phokoso lawo, ma dolphin anatulukira okha pambali pathu. Tinatsetserekera m'madzi mwakachetechete. Pansipo umamva timaluzi tawo ndi kuthetheka kosalekeza m'makutu. Mmodzi anapendekeka, n'kuwayang'ana alamu ndi diso limodzi kuyambira kumutu mpaka kuchidendene chomanga nsanza chija, n'kumapita.

Alamu akuti inawapatsa moni. Vidiyo ya mphwanga ikanatithandiza kuweruza, koma muli kabudula wa alamu yekhayekha kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

*

Ku Nungwi, kumpoto, kuli maiwe achilengedwe m'matanthwe, momwe madzi amalowa ndi kutuluka motsatira nyanja. M'menemo amasungiramo akamba am'nyanja, ena mwa iwo okodwa m'maukonde a asodzi, ndipo alendo amaloledwa kulowa n'kumawadyetsa ndere. Kamba wamkulu wa mtundu umenewu amaposa makilogalamu 100. Mano alibe, koma mlomo wake ndi wouma ndiponso wakuthwa.

Azakhali anakana zovala zosambirira za azungu, anati iwo si mwana. Analowa ndi chitenje chawo chatsopano cha maluwa ndi masamba obiriwira. Akamba onse anasiya alendo ena omwe anali ndi ndere m'manja n'kulunjika kwa iwo. Woyamba anagwira m'mphepete mwa nsalu n'kuyamba kukoka modekha, mosapupuluma, monga mwini wake.

"Choka! Choka iwe! Alamu, mukungoonerera?"

Alamu anali pamwamba pa thanthwe, akuti akuyang'anira zikwama.

Wosamalira dziwelo anafotokoza kuti nyamazo zayesa masambawo ndi chakudya. Azakhali, dzanja lina litagwira mfundo ya chitenje, lina likukankha mutu wa kamba, anapezabe mpata womuyankha.

"Auzeni kuti ndi wakisi weniweni ameneyu. Akafuna, mtengo ndi womwewo ngati wina aliyense."

*

Titabwerera ku Dar es Salaam, galimoto inali isanafikebe, ndipo wina anatinong'oneza za chilumba cha Mafia, kummwera, moyang'anizana ndi mathiriro a mtsinje wa Rufiji. Kuyambira cha mu Okutobala mpaka Febuluwale, pafupi ndi tauni ya Kilindoni pamasonkhana nsomba zazikulu kuposa zonse padziko lapansi, zotchedwa whale shark. Yaikulu imatha kupitirira mamita 12. Za ku Mafia zambiri ndi zazing'ono, koma chaching'onocho ndiye kuti kutalika ngati minibasi ya ku Ndirande, kungoti iyi siimira aliyense.

Titafika kumeneko, alamu atamva kuti ndi mtundu wa shaki, chidendene chija chinayambiranso kuwawa. Wotitsogolera anawalimbitsa mtima kuti chinsombacho chimadya tizamoyo ting'onoting'ono toyandama, chimangoyasamula n'kumasefa madzi, ndipo mmero wake ndi wopapatiza moti munthu sangadutsepo.

"Zimenezo mukudziwa ndinu," anatero alamu. "Iyeyo munamuuza?"

Malamulo ndi ochepa: osachikhudza, osachitsekera njira, kutalikira nacho mamita atatu, makamaka kumchira. Alamu anamvetsera onse akugwedeza mutu, kenako anadumphira mbali yolakwika. Atatsegula maso m'galasi muja, kutsogolo kwawo kunali kukamwa kotambalala pafupifupi mita, kukubwera pang'onopang'ono, tinsomba tachikasu tikutsogolera.

Apa ndiye tinaona kusambira kwa ku Nkhotakota kuja. Sindidzakayikanso nkhani ya mwera. Madzi anachita kung'ambika. Anafika pa boti, kulowa osakhudza makwerero, n'kugona chafufumimba pansi akupuma. Atadzutsa mutu anapeza nkhope zachilendo zokhazokha zikuwayang'ana. Linali boti la alendo a ku Italy. Anawapatsa madzi akumwa ndi chinanazi, ndipo alamu anakana kubwerera m'boti lathu mpaka maboti onse atafika kumtunda.

Azakhali, atavala jekete yoyandamitsa, anangogona pamadzi nkhope pansi, osaphupha n'komwe, chinsomba chija n'kudutsa pansi pawo chonse, mutu mpaka mchira. Msana wake ndi wotuwa modera, wokhala ndi madontho oyera ndi mizere yopingasana. Atakwera m'boti anakhala chete nthawi yaitali, zomwe sizichitikachitika. Wotitsogolera anawafotokozera kuti madonthowo amasiyana pa nsomba iliyonse, moti akatswiri amajambula kuseri kwa makha a kumanzere n'kuizindikira ikadzabweranso chaka china.

"Ndiye kuti dizayini yake palibe wina ali nayo?"

"Palibe, mama."

Azakhali anatembenukira kwa mphwanga.

"Iwe, bwerera m'madzimo ukajambule bwinobwino msanawo, osati makabudula a anthu. Ukwati wa mu Disembala uja yunifolomu sitinasankhe."