Tinaumbira maso, zala tinaziiwala

Amalawi anzanga kuno ku South Bend amandidziwa kuti ndimaphunzitsa zoumba ndi zosema, koma nkhani iyi ndakhala ndikuibisa. Ophunzira anga anapemphedwa kuti apange ziboliboli zoti akazipapase ana osaona a ku Indianapolis, mzinda umene uli ndi sukulu ya boma ya ana otere kuyambira 1847. Ndinavomera ndi mtima wonse, koma ndinaphunzitsa mwachizolowezi: kuima patali, kuyang'ana, n'kumati apa pakongola, apa pakonzedwe.

Tinaumba nsomba, mbalame ndi mutu wa njovu. Mamba ndi nthenga tinachita kujambula ndi penti, pamwamba n'kupaka vanishi. Miyendo ya mbalame inali ya waya. Tinalongedza zonse m'galimoto, ulendo pamsewu wa US 31.

Titafika, mtsikana wina anapapasa nsomba, kenako thupi la mbalame, n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi zonsezi n'chinthu chimodzi?" Kwa iye zonse zinali zoterera mofanana. Ndisanamuyankhe, mnyamata wina anakuwa. Nsonga ya waya inali itamubaya chala, magazi akudontha patebulo. Posakhalitsa khutu la njovu linathyokera m'manja mwa mwana wina, ndipo anayamba kupepesa uku akunjenjemera, chonsecho wolakwa ndinali ine amene sindinayese kulimba kwake. Pobwerera, m'galimoto munali zii.

Chimandipweteka kwambiri n'chakuti chitsanzo chinalipo mumzinda womwewo. Eiteljorg Museum inaonetsapo ntchito za Michael Naranjo, n'kulola aliyense kuzigwira. Bamboyu, wa ku Santa Clara Pueblo ku New Mexico, anasiya kuona mu 1968 bomba litamuphulikira ku nkhondo ya ku Vietnam. Dzanja lamanja linavulalanso, choncho amaumba ndi zala zakumanzere. Ndikanaphunzira kwa iye, mwana uja sakanabayidwa.

Masiku ano ophunzira anga amaumba atamanga nsalu kumaso. Mamba amachita kugoba m'dongo, m'mbali mokanda amakwecha ndi sandipepa, ndipo pofunika kusalala amakulungiza monga achitira amayi oumba mbiya kwathu. Waya wosakwirira ndinaletseratu.

Aphunzitsi anzanga, mukamapangira anthu osaona chinthu, aitaneni dongo lisanaume. Aloleni agwire, atsutse, akuuzeni pokonza, chifukwa eni ntchitoyo ndi iwowo.