Njira zowonongera zithunzi za basketball pamabwalo a ku Lilongwe

Ngati cholinga chanu Loweruka likubwerali n'kubwerera kunyumba ndi zithunzi zoti ngakhale osewera eni ake asazifune, yambani ndi kufika mochedwa. Mukatero simudzaona anyamata akusesa fumbi pasimenti, kapena mtsikana akumanga nsapato yobwereka imene yamukulira, ndipo simudzadziwa amene ali mayi wa yani pakati pa ochemerera.

Mukafika, imani moyang'anizana ndi dzuwa. Pabwalo lapamtetete ngati la ku Don Bosco ku Area 23, dzuwa la masana lidzadetsa nkhope zonse, mudzangotsala ndi zithunzithunzi zopanda maso. Galasi la kamera musalipukute. Foni yachokera m'thumba, yagwidwa ndi manja amene angodya kumene chipisi, choncho chithunzi chilichonse chidzatuluka ngati mwajambulira m'nkhungu. Musasendere pafupi, khalani pomwepo muzikoka chithunzi ndi zala ziwiri. Mafoni ambiri akamatero amangodula kachigawo kochepa n'kukatambasula, ndiye maso ndi mano zimasungunukira pamodzi. M'holo ngati ABC Blue Gym ku Area 47 yatsani flash. Kuwala kwake kumathera pa mamita ochepa, koma kumakwanira kuthobwa m'maso mwana amene akukonzekera kuponya.

Zonsezi n'zazing'ono. Njira yotsimikizika yophonyera masewero onse ndi kutsata mpira wokha.

Utsateni kulikonse, kuchoka kumapeto kwa bwalo uku kupita kwinako, mamita 28 kupita ndi kubwera. Timu ili ndi masekondi 24 okha kuti iponye, ndiye mpira sukhazikika, ndipo foni m'malo a kuwala kochepa siutha. Mudzapeza mikono yosaoneka mwini wake ndi misana yambirimbiri. Panthawi yomweyo, kumbuyo kwanu, mnyamata amene watulutsidwa atalakwa kachisanu wadziphimba kumutu ndi jezi, mnzake wamugwira paphewa osanena kanthu. Kochi wagwada, akulemba mizere pafumbi ndi chala chifukwa alibe bolodi. Mayi wogulitsa mandasi wasiya beseni, waima manja ali kumutu, pakuti amene ali pamzere woponyera ndi mwana wa mchemwali wake. Musacheuke. Anthu amenewa sathamanga, foni yotchipa ikhoza kuwagwira bwinobwino, ndipo n'chifukwa chake wofuna kuwononga ayenera kuwapatsa msana.

Kochi akapempha timeout, tsitsani foni muwerenge mauthenga. Mphindi imodzi imeneyo ndi pamene osewera asanu amaunjikana mitu pamodzi, thukuta likuyenderera, wina akukana ndi mutu zimene akuuzidwa. Kunena zoona, pa masewero onse ndi mphindi imene imandipweteka kwambiri ndikaona anthu akuitaya. Chimodzimodzi kherere lomaliza likalira: thamangirani opambana okha, muwaike pamzere, muwauze kuti amwetulire. Ogonja asiyeni azimasula nsapato okha. Kumwetulira kolamulidwa kumafanana pabwalo lililonse, ku Kawale kaya ku Area 25, ndipo pakatha chaka palibe adzakumbuke kuti tsikulo panachitika chiyani.

Mukafuna kuwononga koposa apa, mpaka kutseka chitseko kwa ojambula anzanu, musapemphe chilolezo kwa aliyense. Kochi musamupatse moni. Mtsikana wa zaka 14 akalira atagonja, mukankhireni foni kumaso, madzulo omwewo muike pa Facebook ndi mawu omuseka. Lolemba adzakumana nacho chithunzicho kusukulu. Makolo ambiri amalola ana aakazi kupita kubwalo monyinyirika kale, ndipo chithunzi chimodzi chotere n'chokwanira kuti mwanayo asadzabwerenso. Imaninso pamzere penipeni pansi pa ringi kuti wosewera akamatera aterere pa inu.

Potsiriza, musalembe kanthu: dzina la timu, tsiku, bwalo. Tumizani pagulu la WhatsApp mwachizolowezi, osati ngati document, kuti zithunzi zifinyidwe, kenako fufutani zoyambirirazo foni ikadzaza.

Wina anena kuti ndi masewero a m'makwalala chabe. Koma Bravehearts, timu imene Griffin Kalua adayambitsa mu 2015 muno mu Lilongwe, yaimirapo dziko lino pa mipikisano yolimbirana malo mu Basketball Africa League, ndipo palibe wosewera amene adayambira pamenepo. Nyuzipepala zimadzaza masamba ndi mpira wamiyendo ndi wa ntchemberembaye, atolankhani safika pamasewero a ana ku Chinsapo kapena ku Mgona. Amene alipo ndi inu. Loweruka lino fikani masewero asanayambe, kapatseni moni a kochi, muwapemphe malo pafupi ndi benchi.