Sitampa Yosanyamula Kalata

Ine amene ndinakula ndi legeni m'khosi ndi ulimbo m'thumba, ndagwidwa nthumanzi pakumva kuti ku America boma limagulitsa sitampa ya madola 25, imene mukaimata pa envelopu kalata yanu siingafike ngakhale kwa mnansi wa kuseri kwa mpanda, pakuti ntchito yake ndiyo kugulira abakha am'tchire pogona.

Zinayamba m'chaka cha 1934, pamene chilala chinaumitsa madambo ndipo abakha analinkutha, Pulezidenti Franklin Roosevelt nasaina lamulo lakuti mlenje wa mbalame za m'madzi, asanaloze mfuti yake kumwamba, ayambe wagula sitampayo, imene masiku amenewo inali dola imodzi yokha. Kufikira lero mlenje wa zaka 16 kapena kuposerapo amaigula nalemba dzina lake pamwamba pake, ndipo pa dola iliyonse masenti 98 amapita kukagula ndi kusunga madambo mmene mbalamezo zimaswana. Taonani nzeru yake, abale: wakupha bakha ndiye amene amamlipirira nyumba, kuti chaka chamawa adzampeze ali ndi ana ndi adzukulu. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika, ngakhale sindikhulupirira kuti bakhayo anafunsidwa maganizo ake.

Chithunzi choyamba anajambula ndi Ding Darling, munthu wa zoseketsa za m'nyuzipepala monga ine, kusiyana kwake n'kwakuti iye anamveredwa ndi boma. Kuyambira 1949 pamakhala mpikisano wa ojambula, wopambana salandira ndalama kuboma koma ulemu ndi masitampa a chithunzi chake. Ndipo alipo ambiri osadziwa n'kugwira mfuti komwe amene amaigula mwaufulu, chifukwa imawalowetsa ulere m'malo otetezedwawo.

Chimene chandisowetsa tulo ndi ichi: nanga akuluakulu athu atamva, natulutsa sitampa ya njiwa, ya mpheta ndi ya nkhanga, nanena kuti yense alipire kuyambira tsiku limene anayamba kuchimwa? Otchera mbalame a ku Chilwa angathe kudandaula kuti ndiyo ndiwo ya ana awo. Koma ine ndidzayankha chiyani pa tsiku loŵerengera, ine amene ndinatentha tchire lonse la agogo chifukwa cha mbewa zosadzaza ndi chikhatho chomwe?

Pofuna kudzigulira chikhululukiro ndinatenga pensulo kuti ndikonzekere mpikisano, ndipo nditatha thukuta ndinaitana mayi a kunyumba kuti adzaone bakha wanga.

"Abambo, ketulo imeneyi bwanji mwaiika miyendo?"

Ndinawafotokozera mwaulemu kuti mwamuna wawo tsopano ndi bwenzi la chilengedwe, ndi kuti sitampayo itafika kuno ndidzakhala woyamba pa mzere, malinga akalola ngongole kufikira kutha kwa mwezi. Iwo anangondikumbutsa kuti bakha yekhayo amene ndinamsamalirapo m'moyo wanga ndi uja tinamudya pa Khirisimasi, ndi kuti nayenso mwini wake akali kufunsa za ndalama yake.