Kaunjika Savala Osachapa

Malaputopu ambiri amene ali m'manja mwa ophunzira, aphunzitsi ndi alembi a magulu m'boma la Chiradzulu anafika kuno atatumikira kale anthu ena. Ina anaitumiza mbale wa ku Joni, ina inagulidwa pa kasitolo ka ku Limbe, ina inatsika kuchokera kwa malume ogwira ntchito ku bungwe. Ikangoyamba kuvuta, mwini wake amagamula chimodzi mwa ziwiri: yafa, kapena ikafomatidwe. Zigamulo zonsezi zimabwera munthu asanafunse chimene chavuta, ndipo zonse zimaluzitsa. Wonena kuti yafa amataya makina amoyo. Wothamangira kufomata amataya zolemba, zithunzi ndi ndalama, ndipo pakatha mwezi vuto lomwe lija limabwerera chifukwa gwero lake silinakhudzidwe. Mavuto ambiri a laputopu yogula kwa wina ali m'mapulogalamu ndi m'zimene mwini wake woyamba anasiyamo, ndipo amatheka ndi munthu wodekha amene amayamba wafunsa. Luso lofunsali silikhala ndi a masatifiketi okha, monga timvere pakhonde lina cha ku Njuli, pamene mnyamata wongomaliza kumene maphunziro ku Blantyre wakhala pamkeka ndi anganga ake aakazi.

Anganga: Amuna anga, phala lazizira inu maso ali pagalasipo, mukung'ung'udza nokha. Chakulakwirani chiyani chinthucho?

Mdzukulu: Anganga, izi n'zovuta kukufotokozerani, ndi za sayansi. Mwachidule, intaneti ikukana, ikuti malo alionse amene ndikufuna kulowa ndi osatetezeka. Ndikaika flashi, zolemba zanga zonse, ndi kalata yofunsira ntchito yomwe, sizikuoneka. Kuti iyake, munthu atha kupita kumjigo n'kubwerako isanamalize. Mawa ndikwera minibasi ya ku Limbe akaifomate basi, achotse zonse iyambirenso.

Anganga: Achotse zonse, pamodzi ndi kalata ukuifunayo? Sukulu yake ndi imeneyi? Tandiuza iwe, anali nacho poyamba ndani?

Mdzukulu: Sindikumudziwa. Ikamayaka pamabwera dzina la mzungu wina, ndipo muli zithunzi za galu wake zambirimbiri.

Anganga: Ndiye miyezi yonseyi wakhala ukuweta galu wa eni, woti ngakhale akuba sangawauwe. Tamvera, ine za sayansi sindizidziwa, koma kaunjika ndinayamba kugula iwe usanabadwe. Malaya a pa kaunjika suvalira pamsika. Umayamba wapisa m'matumba kuti uone zimene mwini wake anaiwalamo, kenaka uchape, ndipo akakukulira upite nawo kwa telala. Iwe unangovala. Tasendeza kuno ndione. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 4, koma manambala ali pakonawa ndikuwerenga. Palembedwa 2012.

Mdzukulu: Ndi deti chabe imeneyo, anganga, ilibe ntchito.

Anganga: Ilibe ntchito? Pa 1 Januwale 2012! Kwa chinthu chakochi a Bingu akadali pampando, ndipo iwe ukadali ku pulayimale, mamina ali chuchuchu. Anthu a pa intanetiwo angamulandire bwanji mlendo wobwera ndi kalendala yakalekale chonchi?

Gogoyu walasa penipeni ngakhale sakudziwa chifukwa chake. Malo ambiri a pa intaneti, kaya a banki, a Gmail kapena a Facebook, amaonetsa kompyuta chiphaso chotsimikiza kuti ndi enieni, ndipo chiphasocho chili ndi tsiku loyambira ndi lothera. Kompyuta imayerekeza masiku amenewa ndi wotchi yake. Ikamaganiza kuti tili mu 2012, chiphaso cha chaka chino imachikana chifukwa nthawi yake sinakwane, ndiye imatseka njira. Wotchiyo imayenda ndi kabatire kakang'ono kozungulira ka m'kati mwa makina, kamene m'malaputopu ambiri akale ndi ka mtundu wa CR2032, ndipo kakatha mphamvu deti imabwerera m'mbuyo makina akangokhala opanda moto. Kukonza deti ndi ntchito ya mphindi imodzi, kusintha kabatireko ndi ndalama zochepa. Wofomata akanafufuta zonse n'kulandira malipiro ake, kabatire kakufa n'kutsala momwemo. Wina anganene kuti amisiri a m'tauni amazidziwa zimenezi, ndipo ambiri amazidziwadi. Koma mmisiri amachita chimene wapemphedwa, ndipo kasitomala akafika atagamula kale mlandu, ndi ochepa amene angakane ndalama yapafupi n'kuyamba kufufuza.

Mdzukulu: Chabwino, ndakonza deti, intaneti yatseguka. Zangochitika mwamwayi zimenezo. Koma za flashizi ndi mavairasi, ndipo pamenepa mulibepo chonena.

Anganga: Kaflashi kakoko unapita nako kuti?

Mdzukulu: Kwa anyamata obena nyimbo pamsika paja. Ndipotu ndinu amene munandituma kuti ndikakuikireni nyimbo za kwaya.

Anganga: Usandinamizire ine. Nyimbo za Mulungu sizibwera ndi matenda. Unaonjezeramo zako zija zogwedeza chiuno, ndizo zameza kalata. Koma tandiuza, ngati katundu watulukamo, malo ayenera kutsala. Muli malo?

Mdzukulu: Dikirani ndione. Ayi, ikuonetsa kuti ndi yodzaza monga kale.

Anganga: Ndiye katundu ali momwemo, angomubisa. Mpaka ndikuuze ine, amene tsiku la mwambo wako wolandira satifiketi anandikhazika kumbuyo kwenikweni?

Apanso funso lophweka lapulumutsa zimene kufomata kukanaononga. Kavairasi kofala m'maflashi oyenda pakati pa malo obena nyimbo, malo osindikizira zikalata ndi makompyuta a m'sukulu kawirikawiri sikafufuta kanthu. Kamabisa mafoda enieni n'kuika m'malo mwake tizizindikiro tonamizira, ndipo munthu akatidina kamalowa m'kompyuta n'kudikira flashi ina. Chofunika ndi kusesa flashiyo ndi antivairasi, kuuza kompyuta kuti ionetse mafayilo onse obisika, ndi kukopera zako pamalo ena. Nako kuchedwa kuyaka nthawi zambiri kumakhala cholowa chochokera kwa mwini woyamba kapena kwa wogulitsa. Ena amathiramo ma antivairasi awiri kapena atatu pofuna kusangalatsa wogula, koma amenewa amalimbana okhaokha n'kumadya RAM, ndipo laputopu ya 4 GB imafika pokwawa. Kudina Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi kumatsegula Task Manager, imene imaonetsa pulogalamu imene ikudya mphamvu, ndipo kuyambira pa Windows 8 mpomwenso munthu amaletsera mapulogalamu odziyatsa okha makina akamayaka. Wotsutsa anganene kuti kufomata kumachotsa zonsezi kamodzi. N'zoonadi, ndipo laputopu yogula kwa munthu wosamudziwa iyeneradi kufufutidwa n'kuikidwa zatsopano, chifukwa sudziwa zimene zinabisala m'menemo. Chimene ndikutsutsa ndi dongosolo la ntchito. Kufufuta kubwere pambuyo pa zinthu ziwiri: kusunga zako pamalo ena, ndi kudziwa chimene chilowe m'malo mwa zofufutidwazo.

Mdzukulu: Kalata yapezeka, ndavomera. Koma vuto lalikulu ndi lakuti muli Windows 7, ya makedzana. Ndikaikitsa Windows 11. Anyamata a m'tauni ali ndi njira zawo zoikira popanda kulipira laisensi.

Anganga: Njira zawo? Mawu amenewo ndinawamva komaliza kwa munthu amene anandigulitsa feteleza wosakaniza ndi mchenga. Ndati uchape, sindinati uchape ndi madzi a m'chithaphwi.

Mdzukulu: Ndiye ndingogula yatsopano, nkhani ithe.

Anganga: Ndi ndalama za yani? Mbuzi yatsala imodzi, ndipo ili ndi bere. Ukaiyang'ananso ndi maso amenewo ndikakunenera kwa amfumu.

Mnyamatayu sakunama kuti Windows 7 yatha nthawi. Kampani ya Microsoft inasiya kuitumizira zotseka mipata ya akuba pa 14 Januwale 2020, ndipo Windows 10 nayo inafika pamapeto pa 14 Okutobala 2025, kupatula kwa olembetsa nthawi yoonjezera. Ena amati wakuba wa pa intaneti sangataye nthawi ndi munthu wa kwa Likoswe kapena kwa Kadewere, koma vairasi siyang'ana mudzi. Mu Meyi 2017 vairasi ya WannaCry inagwira makompyuta m'maiko pafupifupi 150, n'kusokoneza ngakhale zipatala za ku Britain, pamene Microsoft inali itatulutsa kale chotseka mpatawo mu Malichi chaka chomwecho. Amene anagwidwa ndi amene sanalandire chotsekacho. Vuto la Windows 11, imene inatuluka mu Okutobala 2021, ndi lakuti imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa yatsopanoko, ya Intel kuyambira m'badwo wa 8, ndipo laputopu ya zaka za m'ma 2012 ilibe zimenezi. Akhoza kuikakamiza, koma imayenda molemera ndipo Microsoft silonjeza kuti iziisamalira. Tipulogalamu tonamiza laisensi nato timachokera kwa anthu osadziwika, ndipo kawirikawiri timafuna kuti uyambe wazimitsa antivairasi, ndiye kuti wotsegulira wakuba chitseko ndi mwini nyumba yemwe. Kugula yatsopano ndi malangizo osavuta kupereka, koma laputopu ndi katundu wochokera kunja, ndipo kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Kwa wofuna ntchito, makina amene ali nawo ndiwo makina ake.

Njira yotsala ndi kusankha pulogalamu yoyendetsa makina yolingana ndi mphamvu zake. Linux Mint ndi Ubuntu (Ubuntuyo anaiyambitsa Mark Shuttleworth wa ku South Africa mu 2004) ndi zaulere mwalamulo, zimalandirabe zotseka mipata, ndipo zili ndi mitundu yopepuka imene imayenda bwino pa laputopu yakale. Mavairasi a m'maflashi aja analembedwera Windows, pa Linux sagwira. Zodandaula zilipo ndipo si zonse zopanda pake. Ena amati olemba ntchito amafuna kalata ya Word, koma LibreOffice, imene imabwera limodzi ndi Linux Mint, imatsegula ndi kusunga mafayilo a Word ndi a Excel. Ena amati bandulo ndi yodula, ndipo kukopera Linux Mint kumadyadi pafupifupi 3 GB ya Airtel kapena TNM, koma flashi imodzi itha kuikira mudzi wonse, ndipo munthu atha kuiyesa kuchokera pa flashipo asanafufute kanthu. Dandaulo lolemera ndi la amene ntchito yawo imadalira pulogalamu yosayenda pa Linux, monga AutoCAD, ndipo amenewa ayenera kufuna makina okwanitsa Windows yovomerezeka. Tisaiwalenso kuti nthawi zina chavuta ndi chitsulo chenichenicho. Hadi disiki ikamalira kuti kha kha kha, palibe pulogalamu ingaichiritse, koma ngakhale apo kuikamo SSD m'malo mwake kumatsika mtengo kwambiri kuposa kugula laputopu ina, ndipo makina amathamanga kuposa kale. Chomaliza ndi magetsi. Batire ya laputopu yakale sisunga moto, ndipo magetsi akathima ntchito yoika pulogalamu ili pakati, zonse zimaonongeka, choncho ntchitoyi ichitikire pamalo a moto wodalirika.

Mdzukulu: Ndamva, anganga. Ndikopera zanga kaye, ndigule kabatire, kenaka ndiyese Linux pa flashi. Galu uja ndimuchotsa.

Anganga: Galu yekhayo umusiye, ndamukonda.

Mdzukulu: Koma ndikupempheni chinthu chimodzi. Zoti deti munaiona ndinu, zithere pakhonde pano. Anthu m'mudzi muno amanditcha injiniya.

Anganga: Wachedwa, amuna anga. Uli kalikiliki ndi kaflashi kako ndinawauza kale anyamata a kabaza amadutsa apa aja, ndipo Lachinayi ndikanena ku Mvano. Aphunzitsi aakulu nawonso akuti yawo ikuvuta. Uwauze abwere nayo, ine ndizifunsa mafunso, iwe uzidina, ndalama tizigawana. Zako ndizisunga ine.