Wa ku Chigwa akalipira kuti amusiye pa chilumba

Ku Nsanje munthu sayenda ulendo kukafuna chilumba. Chilumba chimam'peza chokha pakhomo, kawirikawiri usiku, mwezi wa Januwale. Anthu a kwa Makhanga, m'dera la Mfumu Mlolo, anaziona mu 2015 pamene Ruo anasiya njira yake n'kudzilambulira ina, ndipo amene anawachotsa pamenepo anali asilikali ndi maboti awo. Namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 anadzabwereza zomwezo. Tsono mlembi wanu, mwana wa m'chigwa wokulira pa nsima ya mapira ndi mlamba, atamva kuti kuli anthu amene amachoka ku Ulaya n'kulipira madola kuti wina awasiye pa chilumba chopanda anthu, anaganiza kuti mwina n'chigamulo cha khoti.

Anamukoka ndi mphwake wogwira ntchito ku Mangochi. "Malume, bwerani mudzaone madzi oti mukaponda mumaona zala zanu."

Ulendo wake sitinena zambiri: Bangula, Nchalo, kukwera chitunda cha Thabwa makutu akutsekeka, kunjenjemera mu Blantyre anthu ena atavala malaya a manja aafupi, kenako Zomba, Liwonde, Monkey Bay, mpaka mudzi wa Chembe umene alendo amati Cape Maclear. Dzinalo analipereka ndi David Livingstone pokumbukira mnzake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi wa ku Cape Town. Mu 1875 amishoni a ku Scotland anadzera m'chigwa mwathu momwemu ndi sitima yawo Ilala. Atafika pa mathithi kumtunda kwa Chikwawa anaiphwasula, anthu mazanamazana n'kuisenza pamutu. Anamanga mishoni pa Cape Maclear, malungo anawapha, otsala anasamukira ku Bandawe mu 1881, ndipo manda awo akadalipo. Mwina agogo ake a mlembiyu anasenzako chitsulo chimodzi. Mdzukulu wafika patatha zaka pafupifupi 150, atasenza jumbo ya mbatata zophika.

Pa gombe mnyamata wa boti anamupatsa jekete loyandamitsa. Mkuluyu anakana, ndipo anakana mokweza. Iye ndi munthu wowoloka pa Mtayamoyo m'bwato, njinga ili pamiyendo, nkhuku ili m'khwapa. Chimene sanawerengere n'chakuti Shire amayenda chopita kutsogolo, pamene nyanja ikakhala ndi mwera imayenda chokwera ndi chotsika. Boti lisanafike pakati anali atavala jekete lake n'kukumbatira la mphwake.

Chilumba cha Thumbi chili pafupi, chimaoneka uli pa Chembe pomwepo, koma mukazungulira kuseri kwake mudzi umabisika, phokoso la wailesi limatha. Gombe lake mchenga n'ngwosowa, ndi miyala yokhayokha, ina yaikulu ngati tchalitchi, mizu ya mitengo itaikulunga. Palibe mbuzi, palibe chigayo, palibe wogulitsa mayunitsi. Mlembi wanu, amene kwawo kudambo mwala wa mafuwa umachita kubwerekedwa, anayamba kuwerengera mumtima kuti pangatuluke malole angati. Kenako anafunsa funso la munthu wolongosoka aliyense: "Achimwene, mwini wake malo ano ndani, bwanji sanalimepo?"

Mwini wake ndi boma. Thumbi, Domwe, Mumbo ndi tizilumba tina zili m'paki ya Lake Malawi National Park, yokhazikitsidwa mu 1980, imene bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika kwa dziko lonse lapansi mu 1984. Imene ikutetezedwa kwenikweni si njovu kapena mkango ayi, ndi nsomba, makamaka timbuna timene timakhala m'miyala. Mpaka mamita 100 kuchokera pa gombe la paki, ukonde ndi mbedza n'zoletsedwa.

Mnyamata uja anamiza dzanja m'madzi atafumbata buledi. Nthawi yomweyo madzi anawira. Tinsomba tabuluu, tachikasu, tamizeremizere, totalika ngati chala, tinadzaza m'dzanja mwake n'kumatsomphola zinyenyeswazi pakati pa zala, osaopa ngakhale pang'ono. Azimayi awiri achizungu ankajambula akufuula mosangalala. Mkulu wathuyu ankangoyang'ana buledi. Kwawo miyezi ya njala amayi amalowa m'dambo kukazula nyika, ng'ona zili pomwepo, kuno nsomba zikudya buledi wa m'sitolo. Anameza malovu n'kufunsa ngati zimakoma zowamba kapena zofutsa.

"Madala, zimenezi n'zoonera basi."

Anaimbanso likhweru mnyamatayo n'kuponya nsomba yakufa pamadzi. Nkhwazi inachoka pamtengo, inatsika mapiko atatambasuka, inatola chakudya ndi zikhadabo osanyowa n'komwe. Mbalame imeneyi ndi imene ili pamwamba pa chizindikiro cha dziko lathu. Mlembi wanu, amene anaimapo pamzere wa chimanga cha thandizo, anaimvetsa bwino: ukamva likhweru usachedwe.

Tsopano nkhani ya kusambira. Mwana wa m'mbali mwa Shire amaphunzira lamulo limodzi asanaphunzire afabeti: madzi osawakhulupirira. Choncho mkuluyu anayamba waponya miyala, anamenya madzi ndi ndodo, anadikira. Anapinda thalauza. Analowa mpaka m'kakolo, n'kuonadi zala zake zonse khumi, ndipo sizinali zosangalatsa kuziona. Atafika m'mawondo, chinthu chamchira wautali, chamamba, chinatsetsereka pamwala n'kugwera m'madzi, phava!

Mmene anakwerera thanthwe lalitali kuposa denga la nyumba, palibe amene anaona. Anangomumva ali pamwamba akuitana amayi ake m'Chisena. Inali ng'azi, ndipo nayonso inkathawa. Kutsika kwake kunafuna anthu awiri ndi chingwe cha boti, poti thanthwe linali lotentha ndipo patapata imodzi inali italowera cha ku Mozambique. Mphwake sanaseke, ndi mwana woleredwa bwino, anangotembenuka mapewa akugwedezeka. Choopsa chenicheni kumeneko n'chaching'ono kwambiri: nkhono zofalitsa likodzo m'madzi osaya a kufupi ndi mudzi. Obwerako anzeru amakamwa mankhwala.

Chimene chinamupweteka koposa manyazi ndi madziwo. Ndi omwe aja. Shire amatuluka m'nyanja yomweyi pa Mangochi, n'kudutsa Malombe, Liwonde, Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ulendo wa makilomita 402 mpaka Zambezi. Amanyamuka oyera mbee, amafika ku Chiromo ali phala. Palibe amene amawasintha panjira. Ndi nthaka ya m'mapiri amene mitengo yake inapita ku Blantyre m'matumba a makala, ndipo matope ake amatsirizira m'nyumba za anthu a kumunsi.

Pobwerera mnyamata uja analoza Mumbo, makilomita pafupifupi 10 kuchokera pa Chembe, chilumba chimene sichinakhalepo ndi mudzi. Kumeneko alendo amagona m'matenti okhomedwa pamwamba pa miyala, magetsi ndi a dzuwa, amasamba madzi a m'ndowa, chimbudzi chake n'chosagejemula, ndipo amalipira madola. Mlembi wanu anakhala chete nthawi yaitali. Zonsezi anazichitapo pa msasa wa anthu othawa madzi ku Bangula, osadziwa kuti ali pa holide.

Wabwerera ndi maganizo a bizinesi. Chigwa nacho chili ndi zoonetsa. Dambo la Elephant Marsh, limene Livingstone anati anaonamo njovu 800 mu 1859, linalowa pa mndandanda wa Ramsar wa madambo ofunika mu 2017, ndipo ngakhale njovu zinatha, mbalame ndi mvuu zilipo zosawerengeka. Poimika boti si vuto, doko la Nsanje chitsegulireni mu Okutobala 2010 malo akadalipo ambiri. Mlendo woyamba kuitanidwa ndi mphwake uja, amene mpaka pano wangofunsa funso limodzi pa foni. Yankho lake nali, mphwanga: ng'ona ziliko, ndipo sizidya buledi.