Maso a mwamuna si tepi

Pali gulu la amuna lomwe lilibe ofesi kapena wapampando, koma mamembala ake tili m'mudzi uliwonse ndi m'tauni iliyonse. Ndife aja timaima pakhoma, manja m'chiuno, diso limodzi titatsinzina, n'kulengeza kuti windo la apa ndi mafiti anayi. Wina akatibwereka tepi timaona ngati watinyoza. Ndikulankhula monga membala wolipira zonse, ndipo mfundo yanga ndi yowawa: pa zinthu zonse za panyumba, windo ndi lokhalo losamva mawu oti "pafupifupi", chonsecho ife moyo wathu wonse tinaumanga pa mawu amenewa.

Tiyambe ndi zida zathu. Choyamba ndi chikhatho, chomwe vuto lake n'lakuti cha bambo mwini nyumba ndi cha mnyamata wowotcherera zitsulo ku Ndirande kapena ku Mchesi sizinabadwe tsiku limodzi. Chachiwiri ndi chingwe chomanga mfundo ziwiri. Chingwe chimatamuka mukachikoka, ndipo pofika kwa mmisiri palibe amakumbukira kuti mfundo iti ndi ya m'lifupi, iti ya m'litali. Ophunzirako timagwiritsa ntchito tepi ndithu, koma tepiyo ili ndi manambala mbali ziwiri, kwina mainchesi kwina masentimita. Inchi imodzi ndi mamilimita 25.4, choncho "60" wolembedwa yekha kuseri kwa lisiti akhoza kubala kawindo ka kubafa kapena chiwindo cha pabalaza choposa mita ndi theka. Chotitonthoza n'chakuti m'chaka cha 1999 a NASA anataya chombo chawo cha Mars Climate Orbiter chifukwa gulu lina linkawerengera m'mapaundi, lina m'manyutoni. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo sanakankhire mlandu kwa mkazi wawo.

Kuyeza kwenikweni n'kotopetsa, n'chifukwa chake timakuthawa. Mpata wa windo suyezedwa kamodzi. M'lifupi mumayeza pamwamba, pakati ndi pansi. M'litali mumayeza kumanzere, pakati ndi kumanja. Kenako mumatenga nambala yaing'ono kwambiri, n'kuchotsapo mamilimita ngati 10 kuti felemu ilowe popanda kuimenya ndi hamala. Mumayezanso mopingasa, kuchoka ngodya ya pamwamba kukafika ya pansi mbali inayo, kawiri. Manambala awiriwo akasiyana ndiye kuti mpatawo ndi wopendekeka, ngakhale maso akulumbira kuti uli bwinobwino. Ndipo kupendekeka sikusowa, poti njerwa zathu zootcha zimachoka m'zikombole zosiyana, zina zimanyala pamoto kuposa zinzake, pulasitala naye amanenepa pomwe wafuna. Galasi lili ndi malamulo akeake: liyezedwe m'kati mwa felemu, lichepeko mamilimita ngati 3, kuti pati apeze pokhala komanso kuti dzuwa la Okutobala likatenthetsa chitsulo lisathetheke. Thabwa likakula mumalipala. Galasi likachepa mumangoliyang'ana.

Anzanga a m'gululi ali ndi yankho lomwe amalikonda: makolo athu anamanga nyumba popanda tepi. N'zoona, ndipo amisiri ambiri mpaka lero savutika nazo, koma taonani mmene amachitira. Felemu imabwera kaye, amaiimika, khoma n'kumakwera moikumbatira. Pamenepo khoma ndi lomwe limamvera windo. Ife timachita zosiyana. Ndalama zimatha khoma litafika pa lintala, timatseka mipata ndi njerwa zosanjikiza kapena masaka, n'kudikira kuti fodya kapena chapamwezi chitikumbukire. Tikamadzagula mafelemu, khoma linauma kalekale ndipo silikambirananso ndi munthu. Akuluakulu omwewo timawatchula ngati mboni ndi amene anati ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo, ndiye tisawaitanire ku mlandu womwe adzatitsutsa.

Yankho lachiwiri n'lakuti simenti imabisa zonse. Imabisadi. Felemu ikachepa mumadzaza m'mbali, thumba lomwe linali la pakhonde n'kuthera pomwepo, ndipo aliyense wodutsa amaona kuti windo lina lili ndi masaya onenepa kuposa linzake. Ikakula mumagumula khoma, ndipo tchizulo ikayamba kuluma lintala mwayamba kuseweretsa chinthu chonyamula njerwa zonse za pamwamba pa mutu wanu.

Yankho lachitatu ndi lokhalo lomwe ndimaligwadira: kuyeza ndi ntchito ya wopanga windo, osati ya mwini nyumba. Apa palibe chotsutsa, chifukwa woyeza ndiye mwini mlandu. Mmisiri akabwera yekha ndi tepi yake, felemu ikakana kulowa amainyamula n'kukaikonza ndi ndalama zake. Koma kuti abwere pamafunika ya minibasi kapena ya kabaza, kupita ndi kubwera, ndipo apa ndi pamene nzeru zathu zachuma zimadzukira. Timapulumutsa ya kabaza poimba foni, mayunitsi akutha, mphepo ikuwomba, tikukuwa kuti "foo baye faifi". Mmisiri naye, yemwe anatidziwa kalekale, safunsa kuti foo wake ndi wa m'lifupi kapena wa m'litali. Amangoti "chabwino bwana, tumizani ya zitsulo", n'kusunga uthenga wathu wa pa WhatsApp mosamala kwambiri, podziwa kuti Loweruka likubwerali udzafunika pa mlandu.